A Mbewe ndi Nkhope za ku Japani

Pa mapemphero okumbukira a Gidiyoni Mbewe, amene tinachita ku Mississauga, kuno ku Canada, mwezi wathawu chitatha chaka chimwalirireni, anthu anayankhula zambiri ndipo zonse zinali zoona. Wina anati anali mkulu wa mpingo wosadziwa kuchedwa. Wina anakumbutsa za anthu amene iwo anakawatenga kubwalo la ndege n'kuwagoneka pabalaza mpaka atapeza pokhala. Mayi wina anafika polira pofotokoza za jekete yoyamba imene anavala m'dziko muno, yomwe a Mbewe anachita kumutulutsira m'kabati ya malemu akazi awo. Ine ndinakhala kumbuyo kudikira kuti wina atchule zithunzi zija, koma mpaka tinatseka ndi pemphero n'kuyamba kugawana mandasi, palibe anazitchula. Zinandiwawa, chifukwa munthu amene ankamufotokozayo anali mbali imodzi chabe ya munthu amene ndinakhala naye nyumba imodzi ku Hamilton.

Ndinawadziwa chifukwa chosowa pogona. Nditangopeza ntchito yosamalira okalamba, mnzanga anandiuza kuti kuli bambo wina wa ku Mchinji amene akazi awo anamwalira, ndipo ali ndi chipinda chapamwamba chopanda munthu. Nyumbayo inali kufupi ndi mafakitale a zitsulo. Nditangolowa ndi chikwama changa, ndinakumana maso ndi maso ndi chithunzi cha chinkhope choyera mbee, chamizere yofiira kuchokera m'maso mpaka m'makutu, pakamwa atapotoza, diso lina likuyang'ana kumphuno. Ine ndine wa ku Mulanje, ndinakulira m'kwaya, ndipo zinthu zotere ndinaphunzitsidwa kuzilambalala. M'mawa mwake ndinachiphimba ndi chitenje. Pobwera kuntchito ndinapeza chitenje changa chili pakhomo la chipinda, chopindidwa bwino ngati chochokera kwa telala. A Mbewe anangoti munthuyo wakhala akuyang'ana choncho agogo anga asanabadwe ndipo sanamvepo kuti walodza aliyense, koma ngati ndikuchita mantha ndizimupatsa moni podutsa.

Zithunzizo zinalipo zambiri, mpaka pamakwerero otsikira kubesimenti, chipinda cha pansi pa nyumba. Zonse zinali za anthu ochita zisudzo zakale za ku Japani zotchedwa kabuki. Panali wina atasolola lupanga, mwendo umodzi atauponya kutsogolo, zala za dzanja lamanzere atazitambasula ngati akukaniza galu. Panali mayi wa khosi lalitali atafunda ambulera m'chipale chofewa, amene a Mbewe ankakonda kuuza alendo kuti si mayi ayi, ndi bambo wometa ndevu m'mawa uliwonse, chifukwa m'zisudzo zimenezo mbali za akazi amasewera ndi amuna. Zina zinali zong'ambika m'mbali, zina zobooka ndi tizilombo, utoto utazilala. Iwo ankati n'chifukwa chake zinafika m'nyumba ya Mchewa, zikanakhala zabwinobwino bwenzi zili kwa anthu olemera ku Toronto.

Kwathu ku Malawi a Mbewe anali osema zidindo. Ankakhala pakhonde la sitolo ina ku Lilongwe ndi kampeni ndi zidutswa za labala, n'kumasemera masukulu, mipingo ndi mafumu. Ntchitoyo inawazoloweza kulemba chakumbuyo, moti mpaka ukalamba wawo ankatha kukulembera dzina lako msangamsanga n'kukuuza kuti ukaliwerenge pagalasi. Kuno anabwera motsatira akazi awo amene anali namwino, ndipo zaka zoyamba anaona zakuda, chifukwa panalibe wofuna chidindo chosema pamanja. Kenako anapeza ntchito m'kasitolo koika zithunzi m'mafelemu. Mwini wake anali mayi wachikulire wobadwira konkuno, koma makolo ake anachokera ku Japani. Mayiyo ndi amene anaona mmene a Mbewe ankagwirira mpeni, n'kuwatulutsira bokosi la zithunzi zimene bambo ake anasiya. Anawaonetsa pamene pamalembedwa dzina la wosewera ndi pamene pamalembedwa mbali imene akusewerayo, ngakhale iye mwini Chijapani ankachiwerenga movutikira. Atatseka sitolo chifukwa cha ukalamba, zogulitsika anagulitsa, zotsala anapatsa a Mbewe pamodzi ndi timipeni tosemera ta bambo ake.

Chimene chinawagwira mtima koyamba chinali kuzindikira kuti zithunzi zonsezo ndi zidindo, ntchito yawo yomwe ija ya pakhonde, koma itavala suti. Ukawafunsa funso limodzi pa zimenezi, umayenera kukoka mpando. Ankafotokoza kuti wojambula amajambula papepala lopyapyala, pepalalo amalimata chafufumimba pathabwa la mtengo wa tcheri, ndipo wosema amadula motsatira mizere mpaka chojambula choyambacho chitatheratu. Mtundu uliwonse wa utoto uli ndi thabwa lakelake. Pepala limodzi lonyowa pang'ono limayenda pamatabwa onsewo, ukulitikita kumsana ndi kachinthu kozungulira kokutidwa ndi tsamba la nsungwi. Pakona pa thabwa lililonse amadulapo kamphako kokhazikapo pepala, ndipo ukaphonya pamenepo ngakhale pang'ono, kufiira kwa milomo kumakagwera pachibwano.

Kamphako kameneka kanalowa m'malangizo onse amene ankapereka. Banja likabwera ndi mkangano, pakuti anali ankhoswe a mabanja ambiri a mbali ino, ankamvetsera mpaka onse awiri atatopa, kenako ankati utoto wa aliyense ndi wabwino, koma mukukhazika pepala pamakona osiyana. Ena ankatuluka atathandizika. Ena ankatuluka akufunsana kuti mdala uja amati chiyani, ndipo mwina kufunsana komweko n'kumene kunkawayanjanitsa.

Atapuma pantchito anayamba kusema zawozawo kubesimenti. Ankasema nkhanga, njinga yonyamula makala, mayi wosenza mtsuko, n'kusindikiza makadi a Khirisimasi amene ankafika kwa anthu mu Febuluwale. Ukawafulumizitsa ankati kuona maso a nkhono n'kudekha. Tiyi ankazizira pambali pawo, tizidutswa ta matabwa tinkakwera nawo m'masokosi mpaka kukhitchini, ndipo wosesa ndinali ine. Ngakhale m'chipatala masiku omaliza, chala chawo chachikulu chinkayenda pabulangete ngati chikukankha mpeni, iwo ali mtulo.

Amayi a mpingo sanazikonde konse zithunzizo. Itafika nthawi yoti mapemphero a m'nyumba achitikire kwa a Mbewe, anatumiza awiri mwa iwo kudzapempha kuti zizichotsedwa kaye, chifukwa munthu sangatseke maso pamaso pa zinthu zolusa chonchija. A Mbewe anawalandira ndi ulemu wonse, anawapatsa tiyi ndi mabisiketi, n'kuwauza kuti wotseka maso saona chili pakhoma, ndipo amene akuvutika atembenuzire mpando wake kuwindo. Nkhaniyo inafika kwa abusa, amene anabwera kudzaona okha n'kutha ola lathunthu akufunsa mmene amasindikizira tsitsi lopyapyala chonchija. Mapempherowo anachitika, koma amayi ena anakhala moyang'ana kumsewu, ndipo mpaka lero amatchula nyumbayo kuti kwa zigoba.

Munthu yekhayo amene ankakangana nawo mofanana mphamvu anali a Sakala. Iwo ndi a ku Zambia, koma anakulira m'mudzi woyandikana ndi wa a Mbewe, kungodutsa malire, ndipo ali anyamata ankasaka mbewa m'minda imodzi. Anadzapezananso kuno atakula. A Sakala ankagwira ntchito m'nyumba zosungiramo katundu ku Brampton, ndipo Loweruka lililonse masana ankayendetsa galimoto mpaka ku Hamilton kudzasewera bawo. Ankakangana za chilichonse: nyemba zabwino ndi za mbali iti ya malire, ndani anayamba kuba njomba pabawo, Chichewa chenicheni chili kwa ndani. A Sakala akayang'ana zithunzi zija ankapukusa mutu n'kunena kuti izi ndi zilombo za kwa anzathu, kungoti anzathuwa alibe chinsinsi, amalemba dzina la munthu pafupi ndi chilombo chake. A Mbewe ankangoseka n'kuwauza kuti asewere.

A Mbewe ndi akazi awo sanabereke. Mwana amene analera ndi Enelesi, mwana wa akulu awo a Mbewe, amene bambo ake anamwalira iye ali kumsana. Anamuphunzitsa sukulu, anamuitanitsa kuno, ndipo tsopano ndi namwino ku Brampton. Ankawatcha abambo, ndipo sindinamvepo akuwonjezera kuti aang'ono. Chaka china abale kumudzi anagwirizana zomanga chiliza pamanda a bambo ake, ndipo monga zimakhalira masiku ano, anafuna kusindikiza nkhope ya malemu pamalaya oti anthu adzavale tsikulo. Apa ndi pamene zinadziwika kuti chithunzi chimodzi chokha chimene chinalipo chinadyedwa ndi chiswe kalekale. Mayi ake a Enelesi anali atamwalira. Enelesi anabwera ku Hamilton n'kupempha a Mbewe kuti amujambulire bambo ake, pakuti munthu wotsala wodziwa nkhopeyo komanso wodziwa kujambula anali iwo okha. Ananena poyera kuti za malayazo zinali pongoyambira, chimene ankafuna n'choti ngakhale kamodzi aone munthu amene anamubereka.

A Mbewe anavomera mosavuta, ngati atumidwa kukagula buledi. Koma masabata anadutsa, ndipo m'bini munkadzaza mapepala okwinyika. Ndinkawatola ena n'kuwatambasula. Nkhope zina zinkatuluka za a Mbewe eni ake ali anyamata, zina zinali za munthu amene ungakumane naye pabasi n'kumuiwala. Tsiku lina ndikuphika anakhala pampando wa kukhitchini n'kundiuza, osandiyang'ana, kuti nkhope ya akulu awo yawathawa. Ankakumbukira mawu awo, fungo la fodya m'malaya awo, mmene ankatsokomolera asanayankhule, koma akati aone maso ndi mphuno ankangoona nkhungu. Sindinawaonepo ndi manyazi otere. Anati munthu amene anawanyamula paphewa powoloka mtsinje, lero akulephera kumubwezera ngakhale chipumi chokha.

Chimene chinatsala m'mutu mwawo bwinobwino chinali china, ndipo pamenepo ndi pamene panagona vuto. Akulu awowo anali ovina gule wamkulu. A Mbewe ankawaonabe ali pabwalo, nthenga kumutu, nkhope yophimbidwa, thupi lopakidwa matope, ataima mwadzidzidzi pakati pa fumbi ng'oma ikali kulira. Koma mwa mwambo wa gule, chovina pabwalo si munthu. Ndi chilombo chochokera kudambwe, malo obisika kumene anyamata amalowera mwambowo, ndipo wolowako amalonjeza kuti sadzauza mkazi kapena munthu wosameta, yemwe sanalowe gule, kuti m'kati mwa chigobacho muli uje. A Mbewe ndi a Sakala onse analowa ali anyamata, asanabatizidwe. Gule anamusiya kalekale, koma lonjezo limenelo anali asanaliphwanyepo.

Pamakwerero panali chithunzi china chimene ine sindinkachilabadira chifukwa chinalibe ukali. Chinali cha munthu atakhala pansi, atavala zovala za buluu wozilala. A Mbewe anandiuza kuti katswiri wa zisudzo akamwalira ku Japani, osindikiza ankatulutsa msanga chithunzi chotere cholembedwa dzina lake, kuti amene ankamukonda akhale ndi chogwira m'manja. Masiku amenewo ndinkawapeza ataima pamenepo nthawi yayitali, dzanja lili pakhoma. Kenako anandipempha kuti ndiwaperekeze kogulitsa matabwa, ndipo anasankha matabwa a tcheri osalala kuposa onse amene anagulapo.

Mkangano wawo ndi a Sakala ndinaumva wonse, osati chifukwa chofuna. Nyumba za kuno zili ndi timabowo pansi totulutsa mpweya wotentha, ndipo ka m'chipinda changa kankabweretsa mawu onse a kubesimenti. Loweruka limenelo bawo silinaseweredwe. A Sakala anaona chojambula cha chilombo chovina chitamatidwa kale pathabwa, anaona malo a dzina atasiyidwa m'mbali monga achitira a ku Japani, ndipo anafunsa kuti pamenepo palembedwa chiyani.

"Kumudzi ndani sankadziwa kuti ndi akulu anga?" anatero a Mbewe. "Amayi ankatereka madzi othowera miyendo gule asanathe n'komwe. Ankathowa ndani, chilombo?"

"Anatereka madzi, inde. Koma munawamvapo akukamba?" anayankha a Sakala. "Kudziwa ni kwina, kukamba ni kwina. Manje imwe mufuna kulemba, kuti na mwana wamkazi awerenge."

A Sakala anapereka njira ina. Anati a Mbewe ajambule nkhope iliyonse yabwino yokhala ndi mphuno ya kwa Mbewe, mwanayo sangadziwe ndipo mtima wake ukhala pansi. A Mbewe anati sangapatse mwana wamasiye munthu wachilendo kuti azimutcha bambo, ndipo chilombo chopanda dzina sichingamuthandize chifukwa zoterozo zadzaza m'mabuku a alendo. Anakokana nthawi yayitali, mawu akukwera n'kutsika. A Sakala anawakumbutsa kuti onse awiri anataya zambiri kuti akhale kuno, minda, chiyankhulo cha adzukulu, ngakhale manda oti adzagonemo, koma chimodzi chokhachi n'chimene anachisunga osathyola.

"Mukasema dzina lija, phazi langa silipondanso muno," anatero a Sakala pomaliza.

"Ndamva," anatero a Mbewe.

Ndinamva mpando ukukokedwa, mapazi pamakwerero, chitseko. Galimoto ya a Sakala inakhala panja nthawi yayitali isanalire.

Ine ndinali kumbali ya a Mbewe ndi mtima wonse, ndipo ndinawauza kuti n'zodabwitsa amuna awiri a imvi, ovala mataye Lamulungu lililonse, kudana ku Canada chifukwa cha zimene analonjezana kutchire ali ana. Anandidzudzula, koyamba ndi komaliza. Anati ndisanyoze chimene sindikuchidziwa, a Sakala akunena zoona ndipo iwo akanakhala a Sakala akananena zomwezo. Kungoti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo mwana wopempha bambo wake anabwera kwa iwo, osati kwa a Sakala.

Anasema nyengo yonse yozizira. Nthenga zokha zinawadyera masabata, chifukwa ankafuna kuti iliyonse ioneke ikupepedwa. Dzina analisiya komalizira. Tsiku lolisema sanadye nkhomaliro ndipo sanang'ung'udze nyimbo ya mpingo monga ankachitira posema zina. Zilembo zomwe ankazilemba chakumbuyo mosaganiza n'komwe, tsiku limenelo anaziyeza ndi kuziyezanso. Dzinalo sindililemba pano. Linalembedwa kamodzi, ndipo amene ankayenera kuliwerenga analiwerenga.

Enelesi anabwera Lamulungu masana titachoka kutchalitchi. A Mbewe anali atasindikiza mitundu yonse, kusiyako thabwa la mizere yakuda, lomwe a ku Japani amayambira koma iwo analisungira dala kuti mwanayo aone likutuluka. Ine anandiitana kuti ndigwire nyali chifukwa kubesimenti kunali mdima ngakhale masana. Anapaka utoto, anakhazika pepala pakona, anatikita pang'onopang'ono, n'kulisenda. Panatuluka munthu wa nthenga kumutu, nkhope yophimbidwa, bondo limodzi m'mwamba, msana wopindika, mikono yotambasuka, kumbuyo kwake kuli buluu wozilala uja.

Enelesi anayang'ana, kenako anayang'ana a Mbewe. Ndinaona kuti wakhumudwa ndipo akuyesa kubisa.

"Abambo, koma ichi ndi chilombo."

"Werenga m'mbalimo, mwana wanga."

Anawerenga, milomo ikuyenda popanda mawu. A Mbewe anamuonetsa phazi lamanja la wovinayo, lomwe linali ndi zala zinayi, n'kumuuza kuti chachisanu chinapita ndi khasu ali anyamata, ndipo ndi iwo amene anagwira khasulo. Anamuuza kuti nkhope anaifunafuna koma yatayika, ndipo akupepesa. Chimene ali nacho n'chimenechi, ndipo palibe mzere umodzi wongopeka. Enelesi anakhala pansi pa kampando, pepala lili pamiyendo, ndipo patapita nthawi anafunsa ndi mawu aang'ono.

"Ankavina bwino?"

A Mbewe anaimirira. Anavula magalasi n'kundipatsa, anasuntha ndowa ya madzi ndi phazi, ndipo mkulu wa mpingo uja, wa mawondo otupa, ali m'masokosi ndi taye ya Lamulungu, anagwedeza chiuno kawiri, anaponda pansi, n'kuima ndi mwendo umodzi chimodzimodzi ngati wa papepalayo. Sanakhalitse, anadzandira n'kugwira tebulo. Koma pa kanthawi kameneko ine amene sindinaonepo gule ndinaona mnyamata wamphamvu, ndipo Enelesi analira mokweza ngati maliro angochitika kumene. Inenso ndinalira.

Anasindikiza chimodzi chokhacho. Enelesi sanachitumize kumudzi, ndipo sanachijambule ndi foni, chifukwa anamvetsa yekha kuti kumeneko chikanayambitsa milandu. Malaya a pachiliza analembedwa dzina ndi vesi basi. Chithunzicho chili kuchipinda kwake ku Brampton, ndipo anandiuza kuti kwa nthawi yoyamba akamati bambo anga, m'mutu mwake mumabwera munthu.

A Sakala anasunga mawu awo. Pamisonkhano ya Amalawi ndi anthu a ku Zambia ankakumanabe, ankapatsana moni wa manja awiri, ankafunsana za kunyumba, ndipo zinkathera pomwepo ngati anthu odziwana pamaliro. Anthu ankafunsa chimene chinawalekanitsa, koma onse awiri sananene, pakuti kufotokoza kukanakhala kuulula zomwezo. A Mbewe sanadandaulepo. Koma Loweruka masana ankavala malaya abwino n'kukhala pawindo lakutsogolo ndi nyuzipepala imene sankaitembenuza. Ndinawamvera chisoni n'kupempha kuti andiphunzitse bawo. Anayesa kawiri, kenako anandiuza mwaulemu kuti ndimasewera ngati munthu wosankha nyemba, ndipo bawolo linabwerera pamwamba pa kabati.

Zaka zinapita zinthu zili choncho. Atagonekedwa m'chipatala, madokotala atanena kuti mtima watopa, ndinawafonera a Sakala. Anati abwera kumapeto kwa sabata. A Mbewe sanafike kumapeto kwa sabatayo. Pamaliro a Sakala anakhala kumbuyo kwenikweni, anapereka chipepeso, n'kuchoka anthu asanadye. Ndinawakwiyira kwambiri, ndipo mumtima ndinati zengerezu adalinda kwawukwawu. Pa mapemphero a mwezi watha aja analiponso, koma atapemphedwa kuti anene mawu monga mnzawo wa kalekale, anangokweza dzanja kukana.

Nyumba ija tsopano yagulitsidwa. Sabata yatha ine ndi Enelesi tinapita kukatulutsa zotsala, ndipo tikunyamula mabokosi tinangoona galimoto yaikulu ya a Sakala ikuima pakhomo. Sitinawaitane. Anati anamva kuti tikusamutsa katundu ndipo timagalimoto tathu sitingakwane. Ananyamula mipando ndi kabati osayankhula zambiri, koma zitatsala za kubesimenti anaima pamwamba pa makwerero ngati munthu woyeza kuya kwa mtsinje. Kenako anatsika.

Matabwa onse anali m'bokosi limodzi. A Sakala anawatulutsa limodzilimodzi mpaka anafika pa la mizere yakuda lija. Analitengera pafupi ndi kawindo, anayang'ana nthenga, bondo, phazi. Kenako chala chawo chinayenda pa zilembo zolembedwa chakumbuyo zija, kuyambira kumanja mpaka kumanzere. Enelesi anaima phee, akuopa kuti mwina alithyola.

"Apa a Mbewe analakwitsa," anatero a Sakala. "Bondo linali kukwera kupambana apa. Nidziwa, chifukwa ng'oma ya atate ako n'nali kuliza ndine. Manja anali kutupa, koma iwo osalema."

Anatero kwa mwana wamkazi, ine mlendo wa ku Mulanje ndikumva. Chimene anakanizira mnzawo mpaka kumanda, anachinena okha ndi pakamwa pawo. Anapereka thabwalo kwa Enelesi ndi manja awiri, n'kupempha kuti titsogole, atipeza kugalimoto.

Munali mutatsala zochepa m'chipindamo. Tebulo losemera linali litapita, pansi patangotsala madontho a utoto wofiira ndi wakuda amene sanachoke ngakhale tinakolopa. Pakhoma panali timabowo ta misomali ndi malo oyera a makona anayi pomwe panali mafelemu. Fungo la pepala lonyowa linali likadalipo pang'ono. Titatuluka panja tinadikira m'mphepo, ndipo atachedwa ndinawerama n'kusuzumira pa kawindo kapansi kaja. A Sakala anali atakhala pa ndowa yovundikira pakati pa chipinda chopanda kanthu, chipewa chili pansi, maso ali pakhoma, manja awo akumenya pamawondo mofulumira kwambiri. Ndinabwerera kugalimoto n'kuuza Enelesi kuti tidikire kaye.